Agone Kaye

"Sindisayina," anatero telala wina wamkazi, nakankhira cholembera kumapeto kwa tebulo.

Mayi wa mu ofesi yoona za ana anavula magalasi. Anali atayendetsa mapepala opereka mwana wa telalayo kwa womulera miyezi inayi, chiyambire pomwe adokotala anauza telalayo kuti khansa yafika m'mafupa, ndipo mwina sadzamuona mwana wake akuyenda. Pabenchi panali mphunzitsi amene anabwera kudzatenga mwanayo, atafumbata kabulangete katsopano pamiyendo.

"Mwamvatu!" anatero achimwene ake a telala ataima pakhomo. "Magazi ndi magazi. Tiye kunyumba, mlongo wanga. Anthu azitiseka kuti kwathu timagawa ana ngati tiana ta mphaka."

"Achimwene, mwanayu dzina lake ndani?"

Achimwenewo anayang'ana kudenga.

"Miyezi isanu ndi iwiri simunamunyamulepo ngakhale kamodzi. Magaziwo mwawakumbukira lero? Khalani pansi, mukutitchingira mpweya."

Kenako anatembenukira mphunzitsi uja. "Musaope, amayi, sindinasinthe maganizo. Koma sindisayina mpaka mwanayu atagona m'manja mwanu, ine ndikuona ndi maso angawa."

"Zimenezo pafomu palibe," anatero mayi wa mu ofesi. "Ndipo panjapo pali mzere."

"Udikire mzerewo. Wochepekedwa masiku pano ndine, koma onani, sindikuthamanga."

Anamasula mwanayo kumbuyo, namupereka kwa mphunzitsi. Mwana atangoona nkhope yachilendo anakuwa, akupindika msana, timanja titaloza kwa mayi ake. Telala anakhala pampando, naika manja onse awiri pansi pa ntchafu zake.

"Osamukhutchumula choncho, si botolo la mankhwala. Mutu wake ukhale pansi pa chibwano chanu. Eya. Tsopano muzimusisita kuseri kwa khutu, ndi chala chimodzi."

Mphunzitsi anali thukuta kamukamu. Anaona kuti wotchi yake ikukanda kamwendo ka mwana, naivula n'kuisiya pansi. Telala anaona zimenezo.

Kulira kunakula.

"Mutenge, iwe!" anakalipa achimwene. "Mtima wako ndi wamwala kodi?"

"Ndikamutenga lero, mawa adzamutenga ndani? Inu?"

Milomo ya telala inkagwedera pang'onopang'ono, akupemphera chamumtima, maso ali pa mwana. Foni ya pa tebulo italira, mayi wa mu ofesi anaizimitsa osayang'ana n'komwe amene amaimba.

Mphunzitsi anayenda uku ndi uku pakati pa kabati ndi zenera, akung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu. Kulira kunasanduka kusisima. Kadzanja kaja kanasiya kufunafuna mayi ake, kanagwira kolala ya bulauzi ya mphunzitsi. Patapita nthawi kanalefuka.

Telala anatulutsa manja ake. Anali atachita dzanzi, moti anayamba wawapikitsa asanagwire cholembera. Anasayina malo atatu amene anamulozera, zilembo zooneka bwino.

"Simumupsompsona?" ananong'ona mphunzitsi, misozi ili m'masaya.

"Angadzuke. Mwavutika naye kale."

Telala anawerama movutikira, navula nsapato zake zogogoda, n'kuzinyamula m'manja. Pakhomo anaima pafupi ndi achimwene ake.

"Mumuchitireko chimodzi chokha mwanayu," anatero motsitsa mawu. "Gwirani chitsekochi, chisamenyetseke."