Mbira za Sulemani Zifunga Ramadhani

Mzungu anafika pa Chiringa nkhondo ya Hitila itangotha, ndi mabokosi a mbira. Anthu ankati wabwera ndi ndiwo, koma ayi, ati mbirazo n'zoyezera matenda a kaodzera. Ankatenga magazi a munthu, n'kubaya mbira, n'kukhala pampando kudikira kuti iodzere. Ntchito imeneyo! Anamutcha Bwana Jakisoni.

Wodyetsa mbirazo anali Sulemani, ndipo kabudula wa khaki amene Bwana anamupatsa ndiye anafewetsa mtima wa amalume ake a Rukiya, mtsikana amene ankafuna kumukwatira. Ukwati unaikidwa mwezi wosala kudya wa Ramadhani ukangotha.

Bwana analamula kuti mbira zizidya masana, mbatata yophika ndi nthochi zakupsa. Nthochi zakupsa, kwa munthu amene sanalawe ngakhale madzi chim'mawire! Sulemani anapirira tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri anaziyang'ana zikutafuna mopanda manyazi, mtima unamuwawa.

"Inu ndinu ndani kuti muzidya ine ndikuona? Tifunga tonse, tisala kudya pamodzi," anatero.

Basi mbira zinalowa Chisilamu osafunsidwa. Zinkadya dzuwa likalowa ndi m'bandakucha, pamodzi ndi mwini wake. Masana zinkangoti lambalamba, nayenso Sulemani akuodzera pakhomo.

Bwana atamupeza akusinza anamutenga magazi n'kubaya mbira. M'mawa mwake anazipeza zili gonee, ndipo anavina. Munthu wamkulu, wandevu, kuvinira mbira zogona! Zoti ngakhale zosabayidwa zinali m'tulo, anati ndiye kuti matendawa ndi oopsa kwambiri.

"Sulemani, uli ndi kaodzera," anatero mosangalala. "Zikapanda kudzuka, ukupita kuchipatala ku Zomba. Chaka chathunthu."

Sulemani anachita mantha zedi. Akaulula, kabudula apita, Rukiya naye apita. Akakhala chete, Zomba. Ndiye anasankha njira ya anthu ochenjera: anatseka pakamwa, nayamba kuzidyetsa masana mwakachetechete, malovu ali chuchuchu. Koma mbira zinali zitazolowera. Zinkanunkhiza nthochi n'kubwerera kukagona, ngati mashehe enieni.

Pamene Sulemani ankadikira kuti zisiye chipembedzo, Bwana ankamubaya m'thako m'mawa uliwonse, mpaka njinga anasiya kukwera. Anthu a kumsika ankamuona akuyenda motang'adza n'kumagwedeza mitu. Kodi pa Chiringa nkhani imafuna njinga? Inafika yokha kuphiri la Michesi, kwawo kwa Rukiya.

Mwezi utatsala pang'ono kuoneka, mbira zinazoloweranso kudya masana, zinadzuka. Zinkathamanga masana, kulira, kulumana. Bwana anavinanso, ati mankhwala ake achiritsa munthu mpaka mbira zomwe, ngakhale mbirazo sanazipatseko n'dontho lomwe.

Tsiku la Idi, chikondwerero chotsiriza Ramadhani, Sulemani anachapa kabudula uja, nakwera mtunda wa ku Michesi akutsimphina. Amalume a Rukiya anamulandira bwino, anamupatsa mpando ndi mpunga.

"Ndachira, amalume," anatero Sulemani. "Ndipo kunena zoona sindinadwale n'komwe. Zinali mbira zikufunga."

"Mbira zikufunga," anabwereza mkuluyo, akuyang'ana akazi awo. "Mwamva? Matenda afika kumutu tsopano. Pepani bambo, mwana wathu sitingamupereke kwa munthu wa matenda a tulo. Tamupereka kwa Ahamadi."

Ahamadi telala, amene Chiringa yense ankamudziwa kuti amagona pamakina kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chaka chonse, popanda kachilombo kalikonse.

Sulemani anatsika phiri osamaliza mpunga. Anakafika dzuwa lili pamutu, nthawi yodyetsa mbira.