Mawu a Esnart

Mu Chigwirizano cha amayi pa mpingo wathu kwa Nsaru, woyambitsa nyimbo anali Esnart. Ena, monga a Ruth, ankayesa ndithu, koma ankayambira pamwamba ngati akuthamangitsidwa, vesi yachiwiri isanafike onse mawu atha. Mayi Malita, amene anamuphunzitsa kuimba ali kamtsikana, ankakonda kumuseleula: "Ine ndikadzafa udzayambitse ndiwe. Akadzayambitsa a Ruth ndidzadzuka m'bokosimo."

Nthawi yokumba mtedza, Esnart anatuluka anabere awiri m'mbali mwa khosi. Kwathu timadziwa kuti mwanabere amadza ndi chilonda, ndiye anafunafuna mpaka anapeza kabala kachikhalire pachala. Anathowa anaberewo ndi kansalu ka madzi otentha. Kabala kanapola, mtedza unagulitsidwa, anabere ali pomwepo, olimba, osapweteka. Kusapwetekako n'kumene kunatipusitsa tonse.

Ku chipatala chachikulu mu tauni anamuunika pakhosi, n'kutengako kanyama ndi singano. Mayi Malita ndi amene anapita naye.

"Mayi, khansa inayambira m'chithokomiro," anatero dokotala, "ndipo yafalikira kwa anaberewa. Tichotsa chithokomiro ndi anabere a mbali iyi. Ambiri amachira. Koma yagwiranso mtsempha wa mawu, mwina sadzabwerera mwakale."

"Ndiye ndidzaimba bwanji?" anafunsa Esnart.

Anayankha ndi mayi Malita: "Uli ndi ana iwe. Saina pepala la opaleshoni, mawu adzabwera okha."

Sanabwere. Opaleshoni inayenda bwino, chipsera chinauma, mapiritsi a m'mawa uliwonse sankaphonya, koma polankhula ankachita ngati munthu wonong'oneza. Kutchalitchi anasamukira kumbuyo. Ndinkamva chisoni kumuona akugwedeza phazi pansi pa benchi anzake akuimba mosokonekera.

Mvula yoyamba itagwa, mayi Malita anagwa m'munda, osadzukanso.

Tsiku loika maliro, abusa atatha pemphero pakhomo, amuna ananyamula bokosi. Amayi a Chigwirizano anandanda kutsogolo ndi nkhata za maluwa, mabulauzi oyera mbee. Apa mpamene nyimbo imayamba. Koma panali zii, chifukwa mwachizolowezi mitu yonse inatembenukira kwa Esnart. Palibe anachita dala. Anthu anangoiwala.

Esnart anakoka mpweya monga ankachitira kale, n'kutsegula pakamwa. Panatuluka kamphepo chabe, kamene ndinakamva ine ndekha chifukwa ndinali pambali pake. Anayesanso, dzanja lili pachipsera. Onyamula bokosi anali akudikirabe.

Kenaka a Ruth anayambitsa, pamwamba ngati nthawi zonse, ndipo ulendo wa kumanda unayamba. Esnart anandigwira mkono, misozi ili chuchuchu, maso ali pa bokosi.

"Akwera kwambiri," ananong'oneza. "Koma mayi sakudzuka."