Mpando Wofulatira Sewero

Zebedee ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa boma la Karonga, koma anthu sankabwerera masokedwe ake. Buluku akasoka iye, mwendo wina unkatha kutalika kuposa unzake. Ankabwerera kuseka, ndipo iye ankadziwa.

"Ine nthabwala sindipeka," ankatero akupalasa makina. "Ndimangoona mmene munthu wonyamula nkhuku amaperekera moni. Kuseketsa kalaliki wochokera ku Lilongwe n'kosavuta, dzuwa lakuno lamufewetsa kale mutu. Koma Mnkhonde amayamba wakuyang'anitsitsa ngati ng'ombe imene akuikayikira."

Loweruka masana gulu lake linkachita masewero muholo ya sukulu. Chaka chimenecho azaumoyo anawapempha sewero la zimbudzi, ndipo Zebedee anali bambo wokana kukumba chimbudzi. Ankavomera yekha kuti nkhani yotere siingadzaze holo. Chodzaza holo chinali nyimbo za Yunike.

Yunike anali atangokwatiwa ndi Lyson wa ku Mwenilondo. Lyson anamulola kupitiriza kuimba, koma anati tsiku limene achibale adzadandaule, zoimbazo zidzathera pomwepo. Ndipo kwawoko mkamwana saonekera pamaso pa apongozi ake aamuna, ngakhale dzina lawo satchula. Akakumana panjira, amafunda chitenje kumutu n'kulowa m'chinangwa.

Tsiku la sewerolo holo inadzaza msanga. Gidiyoni, mnyamata wa yufi, anaima pakhomo ndi malaya ake ofiira akuona makhadi a chipani. Yunike anasuzumira pakati pa mashiti awiri amene ankatchinga siteji. Kenaka anakhala pansi n'kufunda chitenje.

"Abwera," anatero.

"Ndani?" anafunsa Zebedee.

"Eni mudzi wathu. Mzere woyamba."

Zebedee anasuzumira naye. Analidi a Manase, bambo ake a Lyson, chipewa pabondo, ndodo pakati pa miyendo.

"A Zebedee, ndikatuluka apa ndalakwira mwambo. Ndikapanda kutuluka, anthu akafunsa chifukwa, nkhani ikafikabe kunyumba. Basi, kwanga kwatha."

Zebedee anatsika momwemo ndi zovala za sewero, mutu uli mbuu ndi ufa, pilo ali pamimba, n'kukanjuta pafupi ndi mkuluyo.

"Mwaghona, tata," anapereka moni m'Chinkhonde.

"Ndaga. Yambani, kukutentha."

"Tata, mwina simunamve. Mkamwana wanu ali m'seweroli."

"Ukuganiza ndayenda mtunda wonsewu kudzaona iwe? Iwe ndimakuona ulele pakhonde paja." A Manase anagogoda pansi ndi ndodo. "Kumsika aliyense akundiuza kuti mkamwana wanga amaimba. Ngakhale ogulitsa usipa amumva. Ine ndinapereka ng'ombe zanga, koma chimene ndimamva ndi mapazi ake akuthawa."

"Nanga mwambo, tata?"

"Mwambo umaletsa maso. Za makutu sindinamvepo."

A Manase anaimirira, natembenuza mpando wawo, nakhalanso akuyang'ana kukhoma lakumbuyo. Anthu anayamba kuseka. Zebedee anali atatsala pang'ono kukwera pasiteji pamene Gidiyoni anafika.

"Agogo, mwafulatira ndani?"

Aliyense anakweza maso. Pamwamba pa siteji, monga m'holo iliyonse masiku amenewo, panali chithunzi cha Pulezidenti. Kuseka kunazima. Zebedee ankakonda kunena kuti chete alipo wamitundu iwiri: wodikira nthabwala, ndi wodikira galimoto la apolisi. Ameneyu sanali woyamba uja.

"Achimwene, mwafulumira," anatero Zebedee. "Sitinamalize kukonza."

Anathamangira ku ofesi ya ahedi, pilo akudumpha pamimba, nabwerako ndi chithunzi china chonga chomwecho. Anakwera pabenchi n'kuchipachika pa msomali wa kalendala kukhoma lakumbuyo, moyang'anizana ndi a Manase. Anachipukuta bwinobwino ndi mkono wa jekete.

"Madalawa safuna kutaya nthawi ndi zopusa zathu," anatero. "Akuti iwo aziyang'ana uku mpaka sewero lithe. Tonse tikanakhala ndi mtima wotere!"

Gidiyoni anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo. Zinkaoneka kuti akuwerengera: tsopano aliyense muholomo anali atafulatira chithunzi chimodzi, iye yemwe pamodzi. Kenaka anayenda chammbali ngati nkhanu, nakatsamira khoma lapambali, pomwe sanafulatire chilichonse.

"Yambani," anatero.

Sewero linayamba. Zebedee anavutika kuposa masiku onse, chifukwa nthabwala zake zambiri zinali za nkhope ndi kayendedwe, ndipo munthu amene iye ankafuna kumuseketsa ankangomuonetsa nkhongo. Anayamba kuwonjeza mawu. Pothamangira kuthengo anabuula, anakangana ndi mbuzi yosaoneka, anapepesa chitsamba. Holo inagwa nacho chiseko. Nkhongo ya a Manase sinagwedezeke.

Kenaka Yunike anatuluka. Mzere woyamba wa nyimbo unanjenjemera. Anayang'ana msana wa apongozi akewo, jekete lakuda lothetheka m'mapewa, ndipo ataona kuti silikutembenuka, mawu anamasuka. Inali nyimbo ya kusamba m'manja chabe, koma anaiyimba m'Chichewa, naibwereza m'Chinkhonde, amayi akumbuyo n'kuyamba kuvomera. Ndodo ya a Manase inayamba kugunda pansi motsatira nyimbo. Pofika kumapeto, chipewa chinali chitagwa pabondo, iwo osachitola.

Sewero litatha, mkuluyo anakhalabe choncho mpaka anamuuza kuti Yunike watulukira khomo lakuseri. Lyson, amene nthawi yonseyi anabisala pakati pa ana asukulu, anabwera pafupi.

"Tata, ngati talakwa..."

"Walakwa iwe. Munthu woimba chonchi umamutuma kukatola nkhuni m'mawa kukuzizira? Loweruka likubwerali mpando wanga muuike chomwechi."

Zebedee anadikira, ufa ukuyenderera ndi thukuta. Sanathe kupirira.

"Nanga ine, tata? Simunaseke ngakhale kamodzi."

"Ndimaonera nkhope za anthuwa. Sisitala wathu wa kuchipatala akamaseka amalira. Sindinkadziwa." A Manase anatola chipewa. "Iwe uli bwinoko ukamamveka kumbuyo. Uyesere kusoka nako choncho, mwina miyendo ingafanane."

Lolemba, pakhonde paja, Zebedee anaifotokoza nkhaniyo kwa aliyense wobwera, ndipo ulendo uliwonse ankawonjezera pang'ono. Ankaimirira n'kuyenda chammbali ngati Gidiyoni, koma ankayamba wasuzumira kaye mumsewu.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga nkhope," ankatero. "Tsopano ndayamba sukulu ya nkhongo. Ya madala aja ndidzaigwedeza ndithu."

Yunike anadutsa ndi dengu la mpunga pamutu, akung'ung'udza nyimbo yatsopano.

"Mlongo, imeneyo ndi ya chiyani?" anafunsa Zebedee.

"Ya katemera," anatero. "Eni mudzi wathu akuti akuifuna yaitaliko. Ija inatha msanga."