Ng'ombe za Delbert Zabwerera Kwawo

Chilala chitapsereza msipu wonse m'dera lawo ku Nebraska, Delbert Hruska anakweza ng'ombe zake zazikazi m'lole n'kupita nazo ku okushoni. Udzu wogula unali utakwera mtengo, ndipo thandizo la boma kwa alimi linkangomveka pawailesi basi.

Ng'ombezo zitalowa m'bwalo, ogula anayamba kutchula mitengo yachipongwe. Delbert anangoweramitsa mutu. Pomwepo foni yake inalira. Anali mkazi wake, Arlene.

"Bambo, musagulitse! Ndalama za boma zija zalowa. Udzu ndaitanitsa kale."

Delbert anadzambatuka, chipewa chili m'mwamba. "Imitsani! Sizikugulitsidwanso zimenezo!"

Wendell, neba wake amene ankazilakalaka pamtengo wozizirawo, anaseka chikhakhali. "Achimwene, si inu nomwe mumatukwana boma tsiku ndi tsiku kuti likulera alesi?"

"Ndilitukwana mawa," anatero Delbert, uku akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya. "Lero tanditsegulirani geti."

Pobwerera ankayendetsa pang'onopang'ono, zenera lili chitsegulire ngakhale kunali fumbi, kuti azimva ng'ombe zake zikulira kumbuyo.