Ndimu pa Mkono wa Sankhani

Nthomba italowa m'mudzi wa kutsidya kwa dambo, Lenia anasowa mtendere. Ankati akayamba kusinja, n'kusiya munsi mumtondo kukagwira mwana pachipumi. Akanyamuka wa kudimba, ankabwerera panjira. Mwanayo, Sankhani, anali wake woyamba, ndipo anali atangoyamba kumene kukwawa, timano tiwiri titatuluka m'munsimu.

Anzake pachitsime ankamuseka kuti akuopa chiyani, popeza mwana anamutemera kale. Lenia ankangoseka nawo, koma mumtima muli chinthu chomudya. Iye ankadziwa zimene anzakewo sankadziwa.

Mwezi wapitawo anthu a katemera anabwera pa njinga n'kukhala pansi pa mtengo pasukulu. Inali nthawi ya Chitaganya, ndipo chilichonse chochokera kuboma anthu ankachikayikira. Mwamuna wa Lenia, Boaz, amene ankagulitsa mtedza ku msika wa ku Fort Jameson, anabwerako ndi mphekesera yoti mankhwalawo ndi oti ana akadzakula asadzabereke. Boaz anali munthu woti akamva nkhani m'basi, pofika kunyumba amaikamba ngati anaona ndi maso ake. Kukana katemera kunali kovuta chifukwa mesenjala wa boma anali pomwepo, choncho awiriwo anapangana njira ina. Atangomukanda mwana pamkono, Lenia anazembera kuseri kwa sukulu, anatulutsa ndimu pansalu, n'kupaka pamene anakandapo mpaka kuyera. Kuseriko sanali yekha.

Ana a anzawo anatupa mikono, anatentha thupi, analira. Sankhani ankagona tulo tabwino, mkono uli see, ndipo Boaz ankadzitama kuti boma analichenjerera.

Tsopano kudzitama kuja kunatha. Boaz ankangozungulira pabwalo, kumasula ndi kumanganso njinga yosawonongeka. Anati athawire kwa abale ake ku Kasenengwa, koma Lenia anamuyankha kuti nthomba yafikanso kumeneko. Anati angotsekera mwana m'nyumba, koma mwana wokwawa ungamutsekere bwanji? Mapeto ake anayamba kulozana zala, wina akuti ndinu munagula ndimu, wina akuti ndinu munapaka.

Mkanganowo uli mkati, a Sesiliya, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, anabwera kudzabwereka lichero. Nkhope yawo inali ndi timaenje ta nthomba, ndipo diso limodzi linali lakufa. Ananyamula Sankhani kuti amuseweretse, chala chawo n'kudutsa pamkono wa mwanayo. Anayang'ana mkono winawo. Kenako anakhala pansi.

"Amake Sankhani, chipsera chili kuti?"

Lenia anayankha atawerama kuti panapola bwino.

"Munapaka ndimu kapena phulusa?"

Apo Lenia anangoyamba kulira. Boaz anayesa kufotokoza zimene anamva m'tauni zija, koma a Sesiliya anamudula pakamwa, n'kumuuza kuti apinde dzanja la malaya ake. Boaz anapinda monyinyirika. Pamkono pake panali chipsera chozungulira, cha katemera amene analandira ali mwana pasukulu ya mishoni.

"Inu anakutemerani, chipsera ndi icho," anatero a Sesiliya. "Ngati katemera amatseka kubereka, mwana ndanyamulayu ndi wa ndani?"

Boaz anayang'ana mkono wake ngati wa munthu wina. Manyazi anamugwira.

"Ine amayi anga anandipukuta ndi ndimu, ndipo anatero chifukwa chondikonda," anapitiriza a Sesiliya. "Tinali atatu. Nthomba itabwera ndinatsala ndekha, ndi diso limodzi ili. Mawa lomwe mupite naye kuchipatala ku Tamanda."

M'mawa mwake Boaz anakweza mkazi ndi mwana pa njinga ija. Njira yonse Lenia ankaopa kuti akakanena zoona awakalipira, mwinanso kuwapereka kwa mesenjala. Anaganiza zokanama kuti tsiku la katemera iye kunalibe. Koma atafika pamaso pa namwino, anangonena zonse monga zinachitikira.

Namwinoyo sanakalipe. Anati anachita bwino kubwera msanga, mwana asanadwale. Anakandanso Sankhani pamkono, n'kuwauza kuti patuluka thuza, mwana atentha thupi pang'ono, kenako pauma n'kuchita nkhanambo imene idzagwa yokha.

"Chilonda chimenecho musachiope, mayi. Ndicho chimasonyeza kuti katemera wagwira. Musapakepo kanthu, musapukute, ndipo mwana asamakande. Mukaona kuti sipanatuluke kanthu, mubwere naye tidzabwereze."

Masiku otsatirawo Lenia ankangovundukula mkono wa mwana, mtima uli m'mwamba. Kodi ndimu ija inawononga zonse? Boaz naye sanapite kumsika. Ankati akakhala pang'ono n'kufunsanso ngati patuluka kanthu, mpaka Lenia anamuthamangitsira kudimba.

Ndiye mmawa wina pamkono paja panafiira, n'kutuluka kathuza. Sankhani anatentha thupi, anavuta, anakana phala. Lenia anamuika kumsana n'kuthamangira kwa a Sesiliya akuseka, mwana akulira. Anthu amene anamuona anadabwa kuti ndi mayi wotani amene amasangalala mwana akudwala.

Nthomba inawolokadi dambo n'kulowa m'mudzi mwawo. Inatenga ana, ndipo mmodzi anali wa mnzake wa Lenia, amene anagawana naye ndimu kuseri kwa sukulu kuja. Pamaliropo Lenia analira kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti mphasa imene anakulungamo mwanayo ikanakhala ya Sankhani.

Mliri utadutsa, tsiku lina Sankhani anagwira mtondo n'kuimirira. Anausiya, anaponya phazi, anaponyanso lina, akudzandira kulunjika kwa a Sesiliya amene anali atatambasula manja. Iwo anamuwakha, chala chawo n'kupita pamkono paja monga kale. Ulendo uno chinapeza chipsera.

Anthu a katemera atabweranso, Lenia ndi Boaz anakaima kuseri kwa sukulu, kudikira amayi obwera ndi ndimu pansalu. Aliyense ankamuonetsa mkono wa Sankhani ndi wa bambo ake, n'kumuuza mawu omwewo: mwana akalandira katemera, osapakapo kanthu, osapukuta. Chilonda cha katemera chimapola, koma mwana amene nthomba yamutenga sabwerera.