Chizungulire cha Orrin Haskew

Chizungulire chinamuyamba Orrin Haskew m'nyengo yozizira, ndipo sanauze munthu. Akanauza ndani? Mkazi wake anali atabwerera kwawo ku Ohio, atatopa ndi fumbi la m'chipululu cha Mojave. Anzake oyesa ndege za asilikali anali omwewo amene ankalimbirana naye mpando umodzi, wa ndege yakuda yopanda injini imene inkayembekezeka kuponyedwa kunja kwa dziko ndi roketi n'kubwerera yokha mouluka ngati kabawi. Tsono dokotala ndiye ayi. Woyendetsa ndege amalowa kwa dokotala ali ndi ntchito, n'kutulukako alibe.

Ankayeserera pa ndege ina ya injini m'mamawa mphepo isanadzuke. Ankakwera m'mwamba kwambiri, kuchepetsa moto wa injini mpaka kutsala pang'ono kuzima, kenako n'kugwa chamutu kulunjika panyanja youma. Pambali pake pankauluka mnzake Lyle Dombek, ntchito yake kumuwerengera pawailesi mtunda wotsala kuti afike pansi.

Tsiku lina ali mkati motsika, dziko linapendekeka. Orrin anagwira chiwongolero osachisuntha, namvera mawu a Lyle okha.

"Wongola, mdala, wapendamira kumanzere. Eya. Kweza mphuno tsopano. Kweza!"

Matayala anakhudza pansi bwinobwino. Amakaniko anaimba mluzu.

Povula zovala zoulukira, Lyle anadikira kuti ena atuluke.

"Kutera kwabwino, akatswiri. Kapena ndidziyamikire ndekha?"

"Usandiyambe, iwe. Ndi khofi woipa wa kukantini uja."

"Khofi? Kuyambira Januwale ukutera ndi pakamwa panga, Orrin. Ine sindinena kwa aliyense, si khalidwe langa. Koma pobwera kuchokera kumwamba kuja udzatentha wekha, udzatembenuka wekha. Ine ndidzakupeza kumapeto kwenikweni, ngati udzafikeko."

Lyle anatenga chipewa chake n'kutuluka. Orrin anakhala pabenchi nsapato imodzi ili m'manja, mtima ukumuwawa. Ndege yakuda ija ankaifuna kuposa chilichonse chimene anatayapo chifukwa cha iyo, ndipo anali atataya zambiri.

Masana anagogoda kwa dokotala popanda womuitana. Dokotala wokalambayo anavula magalasi, chifukwa zotere sizinkachitika.

"Khalani pansi, a Meja. Mukumva bwanji m'thupimu?"

Chaka chonsecho panalibe anamufunsapo funso limeneli. Orrin anayamba kufotokoza, ndipo anapitiriza ngakhale ataona kuti dokotala watenga kale cholembera.