Uthenga Umene Anausunga Amalume

Zione anali kuyanika zitenje za amayi ake pamene njinga yamoto ya asisita Salome inaima pakhomo. Namwinoyu ankachokera ku boma kawiri pamwezi kudzaona odwala amene anatulutsidwa m'chipatala. Asanafike n'komwe pakhonde, anamva kubuula m'nyumba.

"Ayamba liti kubuula chonchi?"

"Lero ndi tsiku lachitatu," anayankha Zione, maso ali pachingwe.

"Tandionetsani botolo la mofini lija."

Zione analowa m'chipinda chosungira mbewu n'kulitulutsa m'thumba la mbatatesi momwe analibisa. Linali lodzaza pafupifupi mpaka pakhosi.

"Ndinasiya kuwapatsa," anatero mosaopa. "Aliyense kuno ku Nsipe akudziwa kuti mankhwala amenewa mumapatsa munthu amene mwamutaya. Amayi anga munawatulutsa chifukwa akupeza bwino. Ndiye za anthu akufa zikufuna chiyani m'nyumba muno?"

Asisita anayang'ana botolo, anayang'ananso Zione. Kenako anakhala pansi, padothi penipeni, ndi yunifolomu yawo yoyerayo.

"Anakuuzani ndani kuti akupeza bwino?"

"Amalume."

Zione ankalikumbukira bwino tsikulo. Iye ndi amene anagona masabata asanu pasimenti kuchipatala, pambali pa bedi la amayi ake aNangozo, akuwasambitsa ndi kuwatembenuza. Koma adokotala atafunsa kuti wamkulu wa banja ndi ndani, analowa m'kachipinda ndi amalume Silvester, mwini mbumba, amene anali atangofika m'mawa womwewo kuchokera ku Tsangano atavala jekete yakutchalitchi. Zione sanaone chachilendo. Nkhani yaikulu kwathu kuno imayamba yamveka kwa mwini mbumba, ngakhale mwini mbumbayo asakudziwa pamene pakhala beseni la wodwala. Potuluka, amalumewo anangoti, "Mangani katundu, akuti zikhala bwino," n'kukakwera minibasi.

"Khalani apa, achemwali," anatero asisita motsitsa mawu. "Tinawauza amalume anu kuti khansa yafalikira mpaka kuchiwindi, ndipo mankhwala ochiza palibenso. Iwo anati akauza okha banja. Ine ndinalakwa, chifukwa sindinakufunseni inu zimene munamva. Mofini sapha munthu. Amangoletsa ululu."

Chitenje chonyowa chinagwa m'manja mwa Zione. Anachita mantha, anachita manyazi, ndipo anapsa mtima, zonse nthawi imodzi. Masiku atatu amayi ake akudziluma milomo, iye akuwapatsa panado n'kumadziona ngati mwana wanzeru!

Kenako anakumbukira china. Mlongo wake Allan, amene ankagwira ntchito pafamu ku Joni, anali atapempha kale tchuthi kuti abwere mwezi womwewo wa Julayi. Zione ndi amene anamuletsa. Anamuuza kuti asavutike, amayi akuchira, adzabwere pa Khirisimasi.

"Kwatsala nthawi yaitali bwanji?"

"Tsiku sindingalidziwe. Koma ndikuona masabata, osati miyezi."

Zione anaimbira amalume pomwepo.

"Amalume, anesi ali pano. Andiuza zonse."

"Mwana wanga, ndimaopa," anatero bamboyo. "Ndi mlongo wanga yekha amene watsala. Ndimati ndikatchula, ndiye kuti ndaitana maliro."

Zione anadula foni osatsanzika, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

M'nyumba, asisita anayeza mofini ndi sirinji n'kuwadonthezera aNangozo m'kamwa. Anadikira mpaka nkhope ya mayiyo itamasuka, kenako anagwada pambali pa mphasa.

"ANangozo, mukufuna tikambirane za matenda anu, kapena tizisiye?"

Mayiyo anatsegula maso. "Mundiuza chiyani chatsopano? Thupi ndi langali. Silvester atatuluka m'kachipinda muja anandipatsa moni akuyang'ana nsapato zake. Ndinadziwira pomwepo."

"Amayi," anatero Zione. "Mumadziwa? Nanga bwanji osanena?"

"Iwe unkandiphikira phala ukuimba nyimbo za kwaya. Ndikanayambira pati?"

"Ndiye botolo lija..."

"Ndinakuona ukulibisa. Ndinati ndikalipempha, udzandifunsa kuti la chiyani."

Zione anagwira pakamwa. Anthu atatu, aliyense akuteteza mnzake, ndipo amene analipira ndi thupi lake ndi mayi amene anali gone pamphasapo. Analira osabisa nkhope, ndipo asisita sanamuletse.

ANangozo anatambasula dzanja, lopepuka ngati phesi, n'kumugwira bondo.

"Kulira udzalira, nthawi yake ikubwera. Panopa imbira Allan. Anandilonjeza bulangete la ku Joni. Umuuze asataye tsiku n'kulifunafuna m'masitolo. Abwere ndidakali kuona."

Asisita anafunsa ngati angathandize kulankhula ndi Allan. Zione anapukusa mutu. Anatuluka panja, naima pafupi ndi chitenje chija chimene chinali chikadali pansi.

Allan anayankha msanga, ali wosangalala, thirakitala ikulira kumbuyo kwake.

"Achemwali! Bwanji, amayi ayamba kuyenda?"

"Allan, choka paphokosopo ukhale pansi," anatero Zione. "Pali nkhani, ndipo sindituma munthu. Ndikuuza ndekha."